Udzavotere Kuno Kwanu, Esinati

Nkhulambe,
Phalombe.

Mwana wanga Esinati,

Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola, iwe uli kumtsinje kuchapa zovala za ulendo wako wa mawa. Ukanakhala kuti ukundiyankhula, bwenzi nditakuitana tikhale pamphasa. Koma papita nthawi tsopano ukundiyankha kuti inde kapena ayi basi, ndipo sindikukuimba mlandu, chifukwa ndikudziwa chimene ndinakulakwira. Ndiye ndatenga pepala. Upirire nazo zilembo zokhotazi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo dzanja lozolowera khasu silimvana ndi bolopeni. Kalatayi ndiiika m'thumba la makaka limene ndakukonzera. Ukaiwerenge ukafika kwa azakhali ako ku Ndirande, osati m'minibasi. Munthu akamawerenga m'minibasi amachita chizungulire, komanso akuba amaona kuti maso ake sali pa katundu.

M'minibasimo usakakhale pafupi ndi chitseko, zitseko zake zimatseguka zokha. Juzi ya buluu ija uitenge ngakhale ukuti ndi yachikale, kuzizira kwa ku Blantyre si kwa kuno. Ukafika ku Limbe usapatse munthu aliyense chikwama kuti akunyamulire. Amuna a azakhali ako ukawagwadire popereka moni, ngakhale iwo atanena kuti m'tauni sachita zimenezo. Ndikudziwa kuti izi ndakuuza kale. Ndikubwereza chifukwa ndi mmene ndilili.

Koma chimene chandigwiritsa bolopeni si juzi. Koleji yako ya uphunzitsi sinatsegulire, ndipo ukanatha kudikira kuti tidye limodzi chimanga chachiwisi. Ukupita msanga chifukwa cha bodza limene lafala m'mudzi muno, loti iwe unagulitsa nkhope za anthu pamene unkajambula zithunzi pa kalembera wa mavoti. Ndinakumva dzana ukuuza mnzako kuti kuno sudzapondakonso, ndipo dzina lako ukalisamutsa kuti ukavotere komweko. Ndinali mkati mwa nkhokwe, sunandione. Ndikufuna ndikupemphe chinthu chimodzi pa nkhani imeneyi. Koma ndisanapemphe, lola ndikuuze mmene makutu anga andipusitsira moyo wanga wonse, kuti uyeze wekha ngati pempho la munthu wotere n'loyenera kulimvera.

Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Wailesi yanga yoyamba ndinaigula nditabwera kothyola tiyi ku Mulanje, iwe uli wakhanda. Ndinkaipukuta ndi kansalu ngati mwana. Zonse zimene inkanena ndinkaziyesa zochokera kumwamba. Chaka china mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti m'dziko muno mulibe njala, chakudya chili m'njira. Amayi ako anandiuza kuti, "Bambo a Esinati, anzanu akupita kutsidya kwa malire kukalima ganyu ya chinangwa. Nyamukani." Ine ndinati, "Dikira, wailesi yanena." Iwo anati, "Chabwino, madzulo ano ndikuphikirani wailesiyo, mundiuze ngati ikufuna mchere." Ndinaseka, koma sindinapite. Pamene ndinkanyamuka n'kuti ganyu yabwino itatha, ndipo chaka chimenecho tinadya zikhawo za nthochi. Usaiwale, mwana wanga: mawu akamveka okoma ndi osadodoma, sindiye kuti wolankhulayo wafika pankhokwe yako.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira zimene anzanga anali atazidziwa kale, zoti choonadi chimabwera monong'ona. Masiku amenewo munthu sankanena zoona mokweza. Pamaliro, pachigayo, wina ankakukoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Mwamva?" Ndipo zambiri zimene tinkamva motero zinkapezeka zoona. Za anthu osowa tinazimva monong'ona. Zoti kukubwera zipani zambiri tinazimva monong'ona, wailesi ikukana, mpaka zinachitikadi. Ndiye tinaika lamulo m'mitima mwathu: chofuula ndi bodza, chonong'ona ndi choona. Chimene sitinadziwe n'chakuti abodza nawonso ali ndi maso. Anaona kuti anthu a kuno amakhulupirira zonong'ona, iwonso anayamba kunong'ona.

Apa ndi pamene ndinalakwira amayi ako. Nkhaniyi ukuidziwa, unali mtsikana wozindikira, koma sunamve zonse zimene tinkalankhulana. Pa mavoti oyamba aja iwo kunalibe. Nkhondo itatha kutsidya, agogo ako aakazi anati akufuna kukafera kwawo, ndipo amayi ako anawaperekeza n'kukhala nawo mpaka kuwaika. Atabwerera ankachita nsanje ndi akazi anzawo. Ankati, "Aliyense akunena za inki pachala, ine ndekha chala choyera ngati mlendo." Kalembera wotsatira atalengezedwa, n'kumva kuti ulendo uno kubwera makamera, anasangalala ngati mwana. Anali asanajambulitsepo chibadwire. Anachapa mpango wawo wa maluwa achikasu, n'kuupinda, n'kuuika pansi pa mphasa kuti uwongoke.

Ndiye pa maliro ena munthu anandikoka malaya. Anati makamerawo si a mavoti. Anati akufuna kudziwa nkhope za ife amene makolo athu anachokera kutsidya, kuti mavoti akatha atikweze malole atibweze. Anati amene Chichewa chawo chimamveka Chilomwe ndiwo ayambire. Ndinamufunsa kuti wamva kuti, iye anati, "Kwa munthu wa ku boma, koma musanditchule." Mawu amenewo, musanditchule, ndi amene anandimaliza. Ndinathamangira kunyumba. Amayi ako anabadwira pano pa Nkhulambe, mchombo wawo uli kuseri kwa tchalitchi, koma lilime lawo unkalidziwa, ndipo anali atangobwera kumene kutsidyako.

Ndinati, "Simupita." Anati, "Inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe. Akafuna kundipitikitsa, andipitikitse nditatchena. Chithunzi chikhale chabwino." Ndinawachonderera, kenako ndinakalipa, kenako ndinalira pamaso pawo. Kukalipako sanakuope. Kulirako ndi kumene kunawagonjetsa. Anatulutsa mpango uja pansi pa mphasa n'kuumanga kumutu kupita nawo kudimba, ngati mpango wamba. Ine ndemwe sindinalembetse. M'mudzi muno tinalipo ambiri amene tinabisala m'minda sabata imeneyo.

Malole sanabwere. Mavoti anachitika, ndipo anatisankhira phungu anthu a kumsika ndi a m'mbali mwa msewu. Mlatho wathu utakokoloka tinapita kukadandaula kwa phunguyo, mnyamata wake wina anatifunsa kuti, "Kodi kwanuko munavota?" Palibe amene anatimenya kapena kutitsekera chitseko kuti tisavote. Tinadzitsekera tokha ndi nkhani ya munthu mmodzi. Mpaka lero sindidziwa kuti nkhaniyo anaiyambitsa ndani, koma ndikudziwa kuti alipo amene anapindula ndi kubisala kwathu.

Amayi ako anatisiya mavoti ena asanafike. Sanaikepo chala mu inki. Ndipo pali china chimene sindinachiganizire nthawi imeneyo. Anzanga amene akazi awo anamwalira ali ndi chiphaso cha mavoti cha malemuwo, kachithunzi kakang'ono ngati chikhadabo, amakasunga m'Baibulo. Ine ndilibe kanthu. Palibe chithunzi cha amayi ako pa dziko lino. Masiku ena ndimadzuka ndikulephera kukumbukira kuti kachipsera kaja kanali patsaya liti. Ana ako akadzafunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, udzafotokoza ndi pakamwa basi, chifukwa cha ine. Esinati, mantha a munthu amene amakukonda ndi oopsa kuposa ukali wa mdani. Mdani ukhoza kumukanira.

Ndiye chaka chino pamene anakutenga kuti ukagwire kamera pa kalembera kusukulu kwathu, ndinaopa, koma ndinadziluma lilime. Ndinangokuuza kuti utenge ambulera. Tsiku loyamba ndinabwera kudzalembetsa, ndipo ndinakuona utaima kuseri kwa kamera ukuuza amfumu kuti, "Dzutsani chibwano pang'ono." Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndine ndalemba anthu ntchito.

Ndilole ndiibwereze nkhani ya a Namakhwa monga ndinaionera ine, poti iwe unali mkati mwake. Mkulu uja anali ndi chifuwa cha zaka zambiri, mudzi wonse unkamudziwa ndi kutsokomola kwake asanatulukire pakona. Pamene unkadina kamera anatsokomola, chithunzi chinatuluka mutu uli pawiri. Unati, "Agogo, tibwerezenso. Khalani phee." Iwo anati, "Usachiletse chifuwachi, mwana iwe, nachonso chikufuna kuvota." Anthu pamzere anaseka. Chachiwiri chinatuluka bwino. Chowonongekacho unachiika mu envelopu ya khaki, monga unkachitira ndi zina zonse zowonongeka. Iwo anafunsa kuti, "Nanga nkhope yanga inayo ukupita nayo kuti?" Unati, "Ibwerera ku ofesi, agogo, ndi lamulo." Anati, "Ukaipatse mkazi wokongola kumeneko, umuuze kuti mwini wake ali ndi mbuzi." Tinasekanso. Palibe amene anaona choipa tsiku limenelo.

Pasanapite nthawi a Namakhwa anamwalira. Kumanda komweko ndinaona mitu ikuyandikana. Wina anakumbukira envelopu. Wina anati chithunzi cha munthu ndi mzimu wake, ukachipereka kwa odziwa mankhwala mwini wake sachedwa. Pobwerera kumanda nkhani inali itakula: akuti mkulu wina wopikisana nawo pa mavoti akugula nkhope zowonongekazo kuti akhwimire, ndipo eni ake akafa adzavotera iye ali kumanda. Zikanathera pamenepo, mwina zikanazilala ngati mphekesera zina. Koma masiku ano kunong'ona kwapeza njinga.

Bonifasi wogula nandolo uja ndiye yekha ali ndi foni ya m'manja kuno. Umamuona akakwera pachulu kuseri kwa golosale, dzanja lili m'mwamba ngati akuitana mvula, kufuna netiweki. Madzulo amenewo anaimbira wailesi ina mwa zatsopanozi, pa pologalamu imene anthu amaimba n'kunena zakukhosi. Ine ndi iwe tinali pakhonde, iwe ukupeta mpunga dzuwa likulowa. Tinamva mawu ake pa wailesi yathu: "Kuno ku Nkhulambe zinthu sizili bwino. Mtsikana wa kamera akugulitsa nkhope za anthu, ndipo wina tamuika kale." Woulutsayo sanamufunse kuti waona ndi maso kapena ayi. Anangoti, "Zoopsa zimenezo bambo, tikhulupirira akuluakulu akumva," n'kuika nyimbo. Dzina lako sanalitchule. Koma mtsikana wa kamera kuno analipo mmodzi.

Pamenepo ndi pamene ndinachita chimene chatseka pakamwa pako. Ndinatembenuka n'kukufunsa kuti, "Esinati, zithunzi zija unapitadi nazo ku ofesi?" Unaika lichero pansi pang'onopang'ono. Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Inunso, ababa?" Nkhuku zinabwera kudzadya mpunga uja, palibe amene anaziingitsa.

Sindikufuna kudziyeretsa. Ndinali pamzere tsiku lija, ndinaona ndi maso anga, ndinaseka nawo. Ndakulera ine, ndikudziwa kuti ukatola ndi singano yomwe umafunsa mwini wake. Koma mawu aja atatuluka m'wailesi, kwa kanthawi kochepa ndinakhulupirira bokosi kuposa mwana wanga. Zinthu ziwiri zimene zinandipusitsapo, wailesi ndi kunong'ona, zinali zitagwirana manja, ndipo ine ndinagwa ngati sindinaphunzirepo kanthu. Pepa, mwanaka. Amayi ako akafuna kukupepesa ankakuitana choncho m'chilankhulo chawo, ndiye ndabwereka mawu awo poti anga ndi operewera.

Kutacha, mudzi wonse unkanena chinthu chimodzi: "Ngakhale wailesi yanena." Ndinapita kwa Bonifasi. Ndinamupeza akumanga sikelo. Ndinati, "Achimwene, zimene munanena zija munaziona?" Anati, "Madala, ine kuona sindinaone, koma anthu onse akunena." Ndinati, "Anthuwo akuti amva pa wailesi." Anati, "Eya, ndiye umboni wake umenewo." Ndinati, "Koma pa wailesipo munanena ndinu." Anakanda m'mutu, kenako anaseka, n'kunena kuti, "Koma mawu anga anamveka bwino eti? Akuti mpaka ku Lilongwe." Ndinabwerako ndikuganiza za mbuzi yomangidwa pachikhomo. Imazungulira tsiku lonse, n'kuona mapazi ambirimbiri pansi, n'kumayesa kuti padutsa gulu. Chonsecho ndi mapazi ake omwe. Bonifasi si mfiti. Ankangofuna kumveka. Koma taona zimene kumveka kwakeko kwachita.

Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine. Akazi kuchoka pamjigo iwe ukafika. Chitseko chimene tinachipeza chitaswedwa ndi mwala pochokera kumunda. Anthu ena atentha ziphaso zawo, ena aponya m'chimbudzi. Bwana wina wa ku ofesi ya kalembera ku boma anabwera ndi envelopu ija, anatsanulira zithunzi zowonongeka patebulo pasukulu, cha a Namakhwa cha mitu iwiri chili pompo. Koma linali tsiku la msika, kunagwa mvula, anabwera anthu ochepa, ndipo Chichewa chake chinali chodzaza Chingerezi. Ena anati wabwera kudzakwirira nkhani. Wailesi ija sinabwerenso kudzanena kuti zija zinali zabodza. Ndinkaitsegula tsiku lililonse kudikira, mpaka mabatire anatha.

Tsopano pali anyamata achilendo amene akuyenda m'makomo. Akuti, "Tipatseni ziphaso zanu tikazisunge pabwino, kuti mankhwala asakugwireni." Ndipo anthu akupereka, n'kuthokoza. Sinditchula chipani, chifukwa sindinaone amene wawatuma, ndipo ndalumbira kuti sindidzanenanso chimene sindinaone. Koma ndikuona kuti akuyenda mbali yathu ino yokha. Zikufanana ndi zija za malole. Kale ankatiletsa kulankhula. Lero atipatsa ufulu wosankha, koma wina akatiopseza bwinobwino, timaubweza tokha ufuluwo ndi manja awiri.

Kumene ukupitako zinthu zimenezi ndi zambiri kuposa kuno. Azakhali ako amati mawailesi ndi osawerengeka, nyuzipepala zimagulitsidwa pamsewu ngati tomato, ndipo mafoni ali ndi ana asukulu omwe. Ndiye mvera. Munthu akakuuza nkhani, umufunse kuti waona ndani. Akati "akuti", umufunse kuti akutiwo ndani. Akati "musanditchule", nkhaniyo uisiye pomwepo ngati nyama yonunkha. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani imene ikukuthamangitsa mtima, yokuuza kuti chita lero lomwe usanafunse munthu, uigoneke kaye. Zoona sizionongeka ndi kugona. Uchenjerenso ndi nkhani imene yakukomera kwambiri, yonena zoipa za munthu amene sumukonda kale, chifukwa imeneyo imalowa popanda kugogoda. Ndipo foni ukadzakhala nayo, uzikumbukira Bonifasi pachulu. Mawu ukawaponya m'menemo sungawathamangire.

Koma usadzakhalenso munthu wokana zonse. Sabata ya nkhani ya Bonifasi ija ndinanyamula wailesi yanga kuti ndikaiphwanye pamwala. Kenako ndinakumbukira kuti ndi bokosi lomweli limene landimvetsa anthu ofuna mipando akutsutsana poyera, wina kunena mnzake kuti wanama, popanda womangidwa. Bambo anga anamwalira asanamvepo zotere. Ndinaibweza pawindo. Munthu amene sakhulupirira kanthu amangokhala pakhomo tsiku la mavoti, chimodzimodzi ndi amene wakhulupirira bodza. Onsewo chala chawo chimakhala choyera.

Udzakhala mphunzitsi. Ana adzakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pako, ndipo makolo awo adzabwera kudzakufunsa kuti, "Aphunzitsi, zimene tamvazi n'zoona?" Ukapanda kudziwa, uzinena kuti sindikudziwa. Si zamanyazi. Ine ndikananena mawu amenewo kwa amayi ako, bwenzi lero tili ndi nkhope yawo. Komanso usamadye zogulitsa pamsewu zosavundikira, m'tauni kolera sachedwa. Ndaikumbukira pompano, ndiye ndailemba pompano ndisanaiwale.

Tsopano pempho langa. Dzulo iwe uli kutchalitchi kotsanzika, kunabwera mayi Namakhwa, mkazi wa malemu uja. Analowera njira ya kudimba kuti anthu asawaone. Anabweretsa kalongonda wophikaphika m'kambale, akuti udye panjira. Ndi amene wadya m'mawa uja, sindinakuuze kumene wachokera. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Bambo a Esinati, amuna anga anafa ndi chifuwa. Ndinkawachapira ine nsalu za magazi chaka chonse, kamera isanabwere. Koma ndikanena, akuti mwandidyetsa." Ndinawafunsa za chiphaso chawo. Anati anachisomeka kudenga mu udzu, ndipo alipo akazi ena angapo amene achita chimodzimodzi. Anyamata aja atabwera, akaziwo anawauza kuti ziphaso zawo anatentha kale.

Kenako anati, "Koma akaziwo akuyang'ana pakhomo panu. Akuti mwanayo akapita osabweranso, ndiye kuti chilipo chimene akuthawa, ziphasozo tidzatentha. Akadzabwera n'kuima nafe pamzere, ndi chiphaso chake chojambulidwa ndi kamera yomweyo, ifenso tidzatsomola zathu." Ndinati, "Mayi, mukufuna mwana wanga adzaponyedwe miyala chifukwa cha mavoti anu?" Anati, "Ine sindikufuna kanthu. Ndangokuuzani zimene zili kumjigo." Anatenga kambale kawo n'kubwerera njira yomweyo ya kudimba.

Chichokereni iwo sindinakhale pansi. Thupi langa lonse likuti ndikulembere kuti usabwere. Ndikuona mwala. Ndikuona anyamata oledzera pamsika. Ndikuona zinthu zimene sindingazilembe, poopa kuziitana. Ndinayamba kale kulemba pa pepala lina kuti khala komweko, samutsa dzina, kuno kulibe chako. Ndinaliwerenga, ndipo ndinamva mawu anga omwe aja a tsiku la mpango, akuti simupita. Ndalitentha pepalalo.

Sindikukulamula. Ndinalamulapo kamodzi ndi misozi, ndipo sindidzachitanso. Amene akunyozedwa pamjigo ndiwe, si ine, ndipo ukasankha kukavotera ku Blantyre ndi ufulu wako, voti ndi yomweyo. Palibe ngongole imene uli nayo kwa mudzi umene wakuchita zotere. Koma ukasamutsa dzinalo, bodza lija lidzakhala pampando kuno mpaka kalekale. Ana amene sanabadwe adzamva kuti kunali mtsikana wina wogulitsa nkhope, anathawira m'tauni. Ndipo tsiku lina ukadzafuna kubwera, kaya ndi pa maliro anga, udzapeza njira itamera minga. Ine ndatsala ndi iwe wekha, Esinati. Sindikufuna kuti ndizikuonera kwa azakhali ako ngati mlendo.

Ndiye dzinalo usalisamutse msanga. Ligoneke kaye, monga ndanenera za nkhani zija. Chimanga chikauma, masiku a mavoti akayandikira, udzaone mmene mtima wako ulili. Ukadzaganiza zobwera, udzatumize mawu kudzera kwa abusa, osati pa foni ya Bonifasi. Udzakwere ya m'mawa kuti udzafike kukuwala. Ndidzakudikira pa siteji ndi njinga, ndaika kale matayala ena. Sitidzalowera kudimba. Tidzadutsa pakati pa msika, iwe uli pakaliyala, ndipo aliyense amene adzatiyang'ane ndidzamupatsa moni ndi dzina lake. Pamzere ndidzaima kumbuyo kwako, kuti chochokera kumbuyo chidzayambe chapeza ine.

Ndidzakhala ndi mantha, udzaona wekha. Usadzandiuze kuti tibwerere chifukwa cha zimenezo, ndipo ine ndikadzanena kuti tibwerere, usadzandimvere.

Yenda bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere pamsewu wa mawa. Ndikuopa kwambiri, koma ubwere.

Ndine bambo ako,
Layisoni